Njala ya mumtima sinachoke ndi opaleshoni

Zikomo polemba nkhani ya opaleshoni yochepetsa kunenepa, makamaka pomwe mwanena kuti opaleshoni imachepetsa chifu koma sichotsa chizolowezi chodya munthu akakhumudwa. Ine ndinachitidwa opaleshoni yotereyi, yotchedwa gastric sleeve, zaka ziwiri zapitazo. Anandichotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, ndipo miyezi yoyambirira njala sindinkaimva n'komwe, popeza mbali yochotsedwayo ndiyo imapanga ghrelin wambiri, homoni yoyambitsa njala. Ndinkangoti basi, nkhondo yatha.

Ayi ndithu. Bambo anga atamwalira, ndinkangozindikira ndaima pa firiji pakati pa usiku, chitseko chili pululu, chokoleti chili m'manja, m'mimba mulibe njala ngakhale pang'ono. Mbale yodzaza sindikanaimaliza, koma tinthu totsekemera tosungunukira m'kamwa timalowa bwinobwino, kachidutswa apa, kachidutswa apo, tsiku lonse. Sikelo inayamba kukwera mwakachetechete, ine manyazi n'kundigwira moti ndinasiya kupita kukaonana ndi adokotala.

Chimene chinandidzutsa ndi kukambirana ndi mlangizi wa za maganizo, ndipo ndikanakonda mukanatsindika zimenezi kuposa mndandanda wa zakudya umene uli m'nkhani yanu. Malangizo enawo ndimawatsatabe: kuyamba ndi mapuloteni, magalamu 60 mpaka 80 patsiku, osamwa kanthu mpaka papite mphindi 30 nditadya, vitamini B12 ndi ayironi osaphonya. Kuyenda ndinayamba ndi mphindi 10 zokha, lero ndimakwanitsa mphindi 150 pa sabata zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa, komanso ndimanyamula zitsulo kuti minofu isafote. Chisoni chikandipana madzulo, ndimavala nsapato n'kutuluka, apo ayi ndimaimbira foni mchemwali wanga.