"Ndi mamita atatu okha" adzakuphetsani

Zandinyansa zedi. Mtsikana wina wa ku Chilenje wafunsa pagulu la WhatsApp ngati angaphunzire scuba (kumira pansi pa madzi ukupuma mpweya wa musilinda yoberekera kumsana) m'dziwe losambiramo, poti akufuna kukamira ku nyanja ya Tanganyika koma amadwala mphumu. Munthu wamkulu ndevu pepeya n'kumuyankha kuti mamita atatu alibe vuto, pafomu ya zaumoyo angolemba kuti sadwala. Bambo inu, mukufuna kuika mwana wa eni m'bokosi?

Pamadzi osaya ndi pomwe mapapo amaphulikira. Mpweya umene mwapuma musilinda muli pa mamita 10, pofika pamwamba umakhala utafufuma kawiri. Kuchoka pa mamita 30 kufika pa 20 sufufuma choncho ayi. Mamita omalizawa ndiye oopsa. Mukakoka mpweya wodzaza chifuwa n'kukwera osautulutsa, mita imodzi ndi kachidutswa ikwanira kung'amba mapapo. Kuno ku Lusaka tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, mpweya ndi wopepuka, ndiye kufufumako kumaposa kwa m'nyanja yamchere.

Wa mapapo abwino amangopuma osaleka, mpweya n'kumatuluka. Wa mphumu sizitheka nthawi zonse. Mpweya wa musilinda ndi wouma komanso wozizira, umafinya tinjira ta mpweya ta m'mapapo, makhololo n'kutseka njira. Mpweya wotsekeredwa uja ukafufuma ulowera kuti? Umaboola. Mwina papo lifwamphuka, mwina tithovu tilowa m'magazi n'kukatseka mitsempha ya ku ubongo. Pasanathe mphindi 10 chivuukire munthu wakomoka, kapena mbali imodzi yafa ngati sitiroko. Kusaya kwa dziwe sikumupulumutsa. Ndabwereza: sikumupulumutsa!

Amene munadwalapo TB, zipsera ndi timphako totsala m'mapapo timasunga mpweya chimodzimodzi, ngakhale munamaliza mankhwala miyezi 6 yonse. Amene papo linafwamphukapo lokha, iwalani za scuba. Chifuwa kapena chimfine cha sabata ino, dikirani chithe. Enanu muyambe mwaonana ndi dokotala, akupimeni mapumidwe pa spirometry, akujambuleni X-ray, mwinanso CT, makina ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane. Kupopera inhaler m'mbali mwa dziwe si chiphaso. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Inunso aphunzitsi ena a scuba, fomu ya zaumoyo mumaisainitsa pabondo ngati risiti, maso ali pa ndalama. Munthu akavuuka akutsokomola magazi mugoneke chagada, mumupatse oxygen wa 100%, muthamangire naye kuchipatala. Nanga botolo la oxygen-lo muli nalo pamenepo? Kapena lili lopanda kanthu m'galimoto?