Jofre ndi mfumu ya bantam, mutsutse ngati mukufuna

Dzulo takanganirana kwa ometa tsitsi mpaka mwini shopu kutiuza kuti tituluke tikapitirize panja, nkhani yake ya nkhonya za makilo 53 ndi theka zija, bantamweight. Mnzanga wina amakakamira kuti Rubén Olivares palibenso wina, ine ndimati ayi aise, Éder Jofre. Ndiye ndati ndilembe pano kuti enanu muweruze.

Olivares sindikumunyoza. Aliyense amene anaonerapo pa YouTube nkhonya yake ndi Lionel Rose ya 1969 ku Inglewood akudziwa, dzanja lamanzere lija likalowa m'nthiti munthu amachita kupinda ngati mpando wa pulasitiki. Rose anali mnyamata wochenjera, anatenga lamba wa dziko lonse kwa Fighting Harada ku Tokyo komweko ali ndi zaka 19 zokha, koma kwa Olivares anathera mu raundi 5. Vuto la Olivares linali kunja kwa ringi, mowa, maphwando, kugona mochedwa, ndiye ikafika nthawi yokwera pa sikelo kumachita kudzifinya. Chucho Castillo anamulanda lamba mu 1970 chifukwa cha bala la pa diso, anabweza ndithu mu 1971, koma 1972 Rafael Herrera anamukomola mu raundi 8 ndipo munthu amaoneka kuti miyendo inatsala ku sikelo. Mphamvu zinalipo zoopsa, kudzisamala kunalibe.

Jofre ndi wina. Mbrazil uyu samaponya zongoponya, amayamba ndi jabu, kumenya thupi, kudikira iwe ulakwitse, kenako dzanja limodzi basi wagona. Nkhonya 72 anapambana, 50 mwa izo zokomola, ndipo pa moyo wake wonse anagonja kawiri kokha, kawiri konseko kwa munthu mmodzi, Harada, komanso ku Japan kwawo kwa Haradayo, 1965 ku Nagoya ndi 1966 ku Tokyo. Yoyambayo majaji sanagwirizane nkomwe. Nthawi imeneyo Jofre anali akuvutika kale kutsitsa thupi kufika pa makilo a bantam. Anasiya nkhonya, kukhala zaka zitatu, kubwerera 1969 pa featherweight, gulu la olemererapo kuposa bantam, ndipo 1973 ali ndi zaka 37 anatenga lamba wa bungwe la nkhonya la WBC kwa José Legrá. Zaka 37 abale! Munthu wotha satenga lamba wa dziko lonse pa msinkhu umenewo. Zikusonyeza kuti sikelo ndiye inamuvuta kuposa nkhonya za Harada.

Harada naye ndimamupatsa ulemu wake, kuthamangitsa kwake kuja ngati wakwiyitsa njuchi, osakupatsa mpata wopuma. Koma nayenso kulimbana ndi kulemera kunamudya mpaka anakwera ku featherweight.

Ndiye pali a gulu la Carlos Zárate, iwowa ndimawamvetsa pang'ono. Munthu wamtali, wodekha, kupambana 66 ndipo 63 zokomola, manambala amenewo ndi openga. Nkhonya yake ndi Alfonso Zamora mu 1977 onse anali asanagonjepo, onse aku Mexico, lamba sanamuyike pa mzere koma anthu anadzaza. Mu raundi yoyamba munthu wina anangolowa mu ringi atavala kabudula wamkati yekha apolisi kuchita kumukoka, mukaionere mudzaseka. Zárate anamaliza ntchito mu raundi 4. Kutsika kwake kunayamba atakwera makilo kukakumana ndi Wilfredo Gómez ku Puerto Rico mu 1978, anamenyedwa zenizeni, raundi 5 yatha. Chaka chotsatira majaji anapatsa Lupe Pintor lamba pa mapointi ngakhale Pintor anagwa pansi mu nkhonya yomweyo, ambiri mpaka lero amati anamubera, ine ndi mmodzi mwa iwo. Anakhumudwa nkusiya, kubwerera 1986 atakula kale, Jeff Fenech ndi Daniel Zaragoza anangomumalizitsa. Chimene chimandiletsa kumuika pamwamba pa Jofre nchoti ulamuliro wake unali wa zaka zitatu zokha, ndipo atakumana ndi munthu woti sakumuopa analibe njira ina.

Tikafika kuno ku Africa tisaiwale Vic Toweel wa ku South Africa, anamenya Manuel Ortiz ku Johannesburg mu 1950, Ortiz amene anakhala pampando pafupifupi zaka zonse kuchokera 1942. Toweel anagwetsa Danny O'Sullivan ka 14 mu nkhonya imodzi, koma 1952 Jimmy Carruthers anamuthira mvula ya nkhonya mu raundi yoyamba yomwe nkhani kutha. Ndipo iyenso amadziwika kuti sikelo imamusautsa. Mwaiona nkhani yake? Bantam munthu amalowamo ali kamnyamata, thupi likamakula iye nkumakakamira pomwepo chifukwa lamba ndi ndalama zili pamenepo. Jeff Chandler yekha ndi amene ndinganene kuti zake zinali zina, maso ndi amene anamusiyitsa atagonja kwa Richie Sandoval mu 1984.

Achinyamata ndikudziwa mubwera ndi Naoya Inoue, eee anasonkhanitsa malamba a mabungwe onse anayi akuluakulu mu 2022, sindikukana, ndipo iye anachenjera nkukwera sikelo isanamulume. Koma kumbukirani Nonito Donaire wa zaka 36 anamuthyola fupa la pa diso mu 2019, ndiye taganizani Jofre wa 1962 kwa maraundi 15. Enanso muti Orlando Canizales anateteza lamba wa bungwe la IBF ka 16, chabwino, koma munditchulire atatu mwa anthu amene anawamenyawo osayang'ana pa foni.

Kwa ine Jofre woyamba, Olivares wachiwiri, Zárate wachitatu. Aise wa kwa ometa uja ndakuona ukuwerenga, Loweruka ubwere ndi mfundo zina kupatula dzanja lamanzere lija.