Banja lake likukukhudzani pati?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Pagulu lathu la WhatsApp wina waika nkhani ya Mandu Reid, mayi wobadwira ku Malawi amene mu 2019 anakhala mtsogoleri wa chipani chomenyera ufulu wa akazi cha Women's Equality Party ku Britain. Ndiye bambo wina wamkulumkulu, wosukulu yake ndithu, funso lake loyamba: "Koma ameneyu ali pabanja?" Mnzake n'kuthira ndemanga kuti akazi oterewa ndi amene anasowa owakwatira. Nkhani yonse n'kufera pompo.

Abambo inu, banja lake likukukhudzani pati? Mayiyu akunena kuti mkazi ndi mwamuna akagwira ntchito yofanana alandire malipiro ofanana. Akunena kuti nkhanza kwa amayi zithe, kuti kulera ana kusakhale goli la munthu mmodzi, kuti m'nyumba ya malamulo akazi achuluke. Ngati akunama, nenani pamene wanamapo. Ngati mfundo yake ndi yopanda mutu, iphwanyeni ndi mfundo yanu. Koma mphete ya pachala si yankho. Kaya ndi wokwatiwa, kaya ndi mbeta, kaya banja linatha, malipiro a mkazi amene akuberedwa kuntchito sasintha ndi zimenezo.

Mukudziwa moyo wa munthu wogwira ntchito m'chipani chaching'ono chotere? Chipanichi anachiyambitsa mu 2015 Sandi Toksvig ndi Catherine Mayer, chinalibe mabwana olemera ochithira ndalama ngati zipani zikuluzikulu. Ndiye mkulu wachipani yemweyo ndi amene amagogoda khomo ndi khomo mvula ili pamutu, timapepala tili m'chikwama, wina n'kumutsekera chitseko asanamalize moni. Yemweyo madzulo ali pafoni kupempha anthu kuti asonkhe kangachepe. Kuti munthu aime pa mpando wa phungu ku Britain amalipira mapaundi 500, ndipo akapanda kufika 5 peresenti ya mavoti ndalamayo yapita. Pa mpando wa meya wa London, umene Reid anapikisana nawo mu 2021, ndi mapaundi 10,000. Amalowa akudziwa kuti mwina sapambana, cholinga n'choti nkhani ya akazi imveke pamsonkhano pamene ena onse akuilambalala. Munthu wadzipereka chonchi, inu n'kumufunsa za mwamuna?

Ndipo musaganize kuti ndi nthabwala chabe. Mu 2017 bungwe loona za ufulu wa anthu la Amnesty International linapeza kuti pafupifupi theka la mauthenga achipongwe amene aphungu aakazi a ku Britain analandira pa Twitter chisankho chisanachitike anapita kwa munthu mmodzi, Diane Abbott, mkazi woyamba wakhungu lakuda kukhala phungu kumeneko. Zimayamba ndi kafunso konga kanuka, kenako kutukwana thupi lake, kenako kumuopseza. Mtsikana amene akuonerera zimenezi n'kunena kuti ndale ayi, ine ndisayerekeze. Mwamuthamangitsa musanamve n'komwe zimene akanatha kuchita.

Inde, tinaleredwa tikumva kuti ulemu wa mkazi ndi banja. Ndiye mwakula, ganizani nokha.

Wokutsina khutu ndi mnansi. Akazi amenewa akutitsina khutu tonse, ndipo zimene ena munkati ndi phokoso ndi zomwe lero zili malamulo. Akazi a ku Britain anayamba kuvota mofanana ndi amuna mu 1928 chifukwa ena analolera kumangidwa. Lamulo la malipiro ofanana linabwera mu 1970 amayi osoka mipando ya galimoto ku Dagenham, dera la ku London, atanyanyala ntchito mu 1968. Nawonso ankanyozedwa. Palibe ufulu umene unabwera chifukwa mkazi anakhala chete kudikira kuti amuyamikire khalidwe. Chipani cha Reid chinatsekedwa mu 2024, ndalama zitavuta, koma pa aphungu 650 amene anasankhidwa chaka chomwecho akazi ndi 263 okha. Ntchito ikadalipo, yathera pati?

Ndibwerezanso: yankhani zimene mkazi wanena. Mwamuna akaima pamsonkhano palibe amene amafunsa kuti ana wawasiyira ndani. Mkazi akangogwira maikolofoni, aliyense wasanduka nkhoswe.

Atolankhani nanunso muli m'gulu lomweli. Mu 2017 Theresa May, amene anali nduna yaikulu ya Britain, ndi Nicola Sturgeon, amene ankatsogolera boma la Scotland, anakumana kukambirana za tsogolo la dziko, nyuzipepala ya Daily Mail patsamba loyamba n'kumayerekeza miyendo yawo. Miyendo! Chaka chomwecho Jacinda Ardern atangosankhidwa kutsogolera chipani chake ku New Zealand, tsiku lisanathe n'komwe anayamba kumufunsa ngati akufuna kubereka. Zamanyazi.