Za mapu a sinowo amene tikutumizirana pa WhatsApp

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika kuno ku South Africa, pakati pa anthu okonda kutsatira zanyengo pamabuka mkangano umene sutha mpaka mwezi wa Sepitembala utadutsa. Nkhani yake imakhala yakuti mphepo yozizira imene yanyamuka kunyanja ya Atlantic, kumwera chakumadzulo kwa Cape Town, igwetsa sinowo kapena ingodutsa ndi chisanu chake, ndipo ngati igwetsa, sinowoyo atsika mpaka pati. Anthu amenewa si a boma ndipo palibe amene amawalipira. Ena ndi alimi a nkhosa a ku Karoo, ena ndi aphunzitsi opuma pantchito, ena ndi ojambula zithunzi amene amadikirira kuti mapiri a Drakensberg ayere, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi kachipangizo koyezera kutentha ndi mvula kuseri kwa nyumba zawo. Ine ndimawerenga zokambirana zawo m'magulu a pa Facebook, ndipo ndimaona kuti mkangano wawowo ndi wabwino, uyenera kupitirira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zimene ife, amene sitili nawo mumkanganomo, timachita ndi zithunzi zawo.

Palibe aliyense mwa iwo amene amalosera zanyengo ndi mutu wake. Onse amadalira mapulogalamu akuluakulu a pakompyuta amene amawerengera kayendedwe ka mpweya padziko lonse, ndipo otchulidwa kwambiri ndi awiri. Ina ndi GFS ya boma la America, imene imawerengera kanayi patsiku n'kutulutsa mapu ofika masiku 16 kutsogolo. Inayo ndi ya bungwe la mayiko a ku Ulaya la ECMWF, limene likulu lake lili ku Reading ku England pamene makina ake ali ku Bologna ku Italy. Zimene timaona m'mafoni mwathu, monga pa pulogalamu ya zanyengo ya Windy, ndi zotuluka m'makina omwewa, atangozipaka utoto kuti maso azikonde. Choncho m'mawa wina amaika mapu a GFS osonyeza chigawo chonse cha Free State chitayera mbee, n'kulemba kuti anthu akonzekere. Mnzake amamuyankha kuti ya ku Ulaya sikuonetsa zimenezo, ikukankhira chinyezi chonse kunyanja. Wachitatu amati onse awiri akufulumira, adikire mapu a madzulo. Madzulo akakwana, GFS ija yasintha, sinowo wabwerera kumapiri a Lesotho, ndipo amene anadzuka ndi chimwemwe uja wangoti zii.

Munthu wongodutsa angaganize kuti makinawa ndi achabechabe, koma kusinthasinthako kuli ndi chifukwa chake chodziwika bwino. Mu 1961 katswiri wa ku America, Edward Lorenz, ankabwereza kuwerengera nyengo pakompyuta yake kuyunivesite ya MIT, ndipo pofuna kufupikitsa ntchito analemba 0.506 pamene panayenera kukhala 0.506127. Kusiyana kochepa chomwecho kunakulirakulira mpaka nyengo imene inatuluka sinafanane n'komwe ndi yoyamba ija. Mpweya wa mumlengalenga ndi wotero: ukaphonya pang'ono poyeza mmene ulili lero, pakatha sabata kuphonyako kumakhala kutakula kwambiri. Tsono mphepo yozizira ya kuno imachokera kunyanja kumene malo oyezera nyengo ndi owerengeka, monga pachilumba cha Gough chimene South Africa yakhala ikuikapo anthu oyeza nyengo kuyambira 1956, ndipo zambiri zimadalira masetilaiti. N'chifukwa chake a ECMWF sawerengera kamodzi kokha. Amawerengera maulendo 51, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira, kuti aone ngati mayankho akupita kumodzi kapena akubalalika. Okonda zanyengo odziwa bwino amayang'ana zimenezi, ndipo ambiri mwa mayankhowo akagwirizana m'pamene amayamba kulankhula molimba mtima. Akabalalika, amanena poyera kuti n'zosadziwika.

Sinowo ndiye amavuta kuposa zonse. Kuti agwe pamafunika kuzizira kokwanira ndi chinyezi zikumane pamalo amodzi, pa ola limodzi. Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, zimene zikutanthauza kuti makina akaphonya ndi digiri imodzi yokha, malire a pamene sinowo akugwa amasuntha ndi mamita pafupifupi 150. Mamita 150 amenewo ndi okwanira kuti tauni ina iyere pamene ina yoyandikana nayo ikungolandira mvula yozizira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuzizira imakhala nako, koma nyengo yake yozizira ndi youma, thambo limakhala lopanda mtambo kwa milungu yambiri. Chinyezi chimafika makamaka pakakhala chimene akatswiri amachitchula kuti cut-off low, ndiko kuti mpweya wozizira wam'mwamba umene wapatuka pagulu la mphepo yochokera kumadzulo n'kumazungulira wokha pamwamba pa dziko, ndipo njira yake imavuta kuidziwiratu. N'chifukwa chake masiku amene sinowo anagwa mumzindawu anthu amawatchula ndi madeti ake, monga pa 10 Sepitembala 1981, pa 7 Ogasiti 2012 ndi pa 10 Julayi 2023, tsiku Lolemba limene ana a sukulu ndi anthu a m'maofesi anatuluka panja ndi mafoni m'manja. Chinthu chimene chimachitika patalipatali chonchi sichingalonjezedwe masiku khumi chisanafike.

Vuto limayamba chithunzi chimodzi chikatuluka m'gulumo. Mukadzalandiranso mapu otere, muwakulitse ndi zala n'kuyang'ana pakona. Kawirikawiri pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena dzina la makina, ola limene anawerengera, ndi nambala yonga +240h, kusonyeza kuti chithunzicho chikunena za maora 240 kutsogolo, ndiwo masiku khumi. Amene anachiika koyamba mwina analemba pansi pake kuti ndi mapu amodzi okha ndipo enawo sakugwirizana nawo. Koma chikamafika m'gulu lathu la tchalitchi, la kumudzi kapena la anthu a boma limodzi la kwathu, mawu amenewo amakhala atatsala m'njira, kona ija yadulidwa, ndipo pamwamba wina wawonjezera ndi zilembo zikuluzikulu kuti Gauteng yonse, chigawo chimene muli Johannesburg, ikwiririka Lachinayi. Mayi akuchita kuimba foni ali ku Mangochi kufunsa ngati mwana wawo ali ndi bulangete lokwanira. Lachinayi likafika, dzuwa lili phwee, ndipo munthu amene anasiya ganyu tsiku limenelo amatsimikiza mumtima kuti a zanyengo onse ndi abodza. Samasiyanitsa pakati pa chithunzi chodulidwa chija ndi chenjezo la South African Weather Service, bungwe la boma loona zanyengo, chifukwa zonse zinamupeza pa foni yomweyo, m'gulu lomwelo.

Kusakhulupirira kumeneku n'kumene ndimakuopa, chifukwa tsiku la chenjezo lenileni limafika ndithu. Pa 20 Sepitembala 2024, nthawi imene ambiri ankayesa kuti chisanu chatha, sukulu zinali zitangotsekera ndipo holide ya Heritage Day inali pafupi, sinowo wambiri anagwa pa Van Reenen's Pass, pamsewu wa N3 umene umalumikiza Johannesburg ndi Durban. Machenjezo anali ataperekedwa kale. Magalimoto, mabasi ndi matiraki anaima mumzere wautali usiku wonse, ena mpaka usiku wachiwiri, anthu ali m'katimo opanda chakudya, mafuta akutha chifukwa choyatsa injini kuti afunde, ndipo mayi wina amene anali mu minibasi anamwalira ndi kuzizira. Msewu umenewu si wachilendo kwa ife. Abale athu oyendetsa matiraki opita kudoko la Durban amaudutsa masiku onse, ndipo ambiri amene timakhala m'mizinda iwiriyi timakwera mabasi ake. Sindikunena kuti aliyense amene anakodwa usiku umenewo ananyoza chenjezo, pakuti wantchito sasankha tsiku lonyamuka. Ndikunena kuti chenjezo limagwira ntchito pokhapokha anthu akamalikhulupirira, ndipo chithunzi chilichonse chabodza chimene timatumiza chimadya pang'ono pa chikhulupiriro chimenecho.

Ena amati njira yabwino ndi kuwatseka pakamwa anthu osaphunzira zanyengowa. Lamulo la dziko lino limapereka kale mphamvu yotulutsa chenjezo la nyengo yoopsa kwa South African Weather Service yokha, ndipo cha kumapeto kwa 2011 panabwera bilu yofuna kuti wotulutsa chenjezo popanda chilolezo azilipira chindapusa chofika R5 miliyoni kapena kukhala kundende zaka 5, zimene anthu ambiri anazikana. Ine ndili kumbali ya amene anakana. Ofesi ya boma singakhale ndi maso pachigwa chilichonse ndi pamsewu uliwonse wa m'mapiri. Amene amajambula chithunzi cha rula yoimikidwa mu sinowo pakhomo pake ku Barkly East mbandakucha, amene amanena kuti msewu wokwera Sani Pass wayamba kuterera, amene amalemba madigiri amene kachipangizo kake kawerenga ku Sutherland, ndi anthu omwewa. Mu Januwale 2025, pamene akuba a pa intaneti anasokoneza makompyuta a South African Weather Service, aliyense anaona kuti kudalira gwero limodzi lokha kuli ndi ngozi yake. Ndiponso mkangano wawowo ndi sukulu yaulere. Munthu amene wawerenga kwa nyengo imodzi mmene amatsutsirana sangapusitsidwenso ndi mapu a masiku khumi, chifukwa waona ndi maso ake kuti mapu otero amasintha kangapo tsiku lisanathe.

Komabe pali chimene ndimawadzudzula nacho. Ambiri mwa iwo sinowo amamufuna, ndipo munthu amene akufuna chinthu amasankha mapu amene akumulonjeza chinthucho. Makina akaonetsa kuti kuzizira kwachepa, mumamva kudandaula ngati timu yawo yagonja. Ndimamvetsa, chifukwa kwa munthu amene ali ndi galimoto yabwino ndi nyumba yofunda, sinowo ndi ulendo wa kuphiri la Matroosberg kapena ku Afriski, malo osewerera pa sinowo ku Lesotho, ndi ana Loweruka. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu Juni 2025 cut-off low yomwe inayeretsa mapiri a Eastern Cape ndi imenenso inagwetsa mvula yoopsa ku Mthatha ndi madera ozungulira, kumene madzi osefukira anapha anthu oposa 100, kuphatikizapo ana a sukulu amene minibasi yawo inakokoloka. Nkhani imene inkafunika kufalikira kwambiri sabata imeneyo inali ya mvula, koma chithunzi cha phiri loyera chimathamanga pa foni kuposa chenjezo la madzi.

Ngakhale sinowo asagwe n'komwe, kuzizira pakokha n'kokwanira kuvulaza, ndipo kumavulaza anthu amene salowa nawo m'mikangano imeneyi. Mlonda amene amachezera pageti, wogulitsa malonda amene amadzuka usiku kukapikula kumsika, banja limene likukhala m'kanyumba ka malata okhaokha ku Diepsloot kapena ku Tembisa, onsewa alibe nazo ntchito zakuti malire a sinowo ali pa mamita angati. Chimene akufunika kudziwa ndi usiku umene kutentha kutsike pansi pa ziro ndi masiku amene mphepoyo ikhale. Chaka ndi chaka ozimitsa moto a mu Johannesburg amachenjeza za mbaula, za mahita ndi za masitovu a parafini, chifukwa anthu amalowetsa mbaula m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi mawindo, ndipo utsi wosaoneka wa makala umawapha ali m'tulo. Ndikanakonda kuti amene amadziwa kuwerenga mapu aziyamba ndi zimenezi, za sinowo zizibwera pambuyo. Ngakhale kwathu nkhaniyi imatikhudza, pakuti mphepo yozizira ikadutsa kuno, mpweya wachinyezi umene umatsatira pambuyo pake umakwera kudzera ku Mozambique, ndipo patapita masiku ochepa anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre amayamba kudandaula za chiperoni.

Kwa ife amene timalandira mapuwa, pempho langa ndi lakuti tisanatumize tizifufuza deti ndi nambala ya maora pakona paja, ndipo ngati chithunzicho chikunena za masiku oposa asanu kutsogolo, kapena kona yake yadulidwa, tizichisiya chifere pa foni yathu. Machenjezo a South African Weather Service ali ndi mitundu ndi manambala ake: achikasu ndi a 1 mpaka 4, a mtundu wa lalanje ndi a 5 mpaka 9, ndipo ofiira ndi a 10. Amatchulanso madera ndi maora amene akukhudzidwa, zimene chithunzi chongoyendayenda sichichita. Mbale wanu akakhala ndi ulendo wa pa N3 m'nyengo ino, mutumizireni chenjezo lotero ngati lilipo, ndipo mumuuze kuti aone zimene a N3 Toll Concession, kampani yoyang'anira msewuwo, alengeza za Van Reenen's Pass asanagule tikiti ya basi.