Metformin ndi kutentha kwa kuno kuchigwa

Nkhani yanu yoti metformin, mankhwala a matenda a shuga, amachepetsako ntchito ya mitochondria, tizigawo ta m'maselo topanga mphamvu, yandifika pamtima. Mayi anga ku Ngabu amamwa kambulu ka 500mg m'mawa ndi madzulo, akangodya. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake chiwindi chimaleka kuthira shuga wambiri m'magazi.

Koma mukanawonjezera chenjezo. Kuno mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Munthu akatsegula m'mimba, madzi n'kutha m'thupi, impso zimafooka, mankhwalawa amaunjikana ndipo asidi amachuluka m'magazi, zomwe zingathe kupha. Chaka chatha mayi atatsegula m'mimba, adokotala anati ayambe aima kaye kumwa mankhwalawa. Ndinkagona pafupi nawo, mtsuko wa madzi uli pambali pa mphasa.