Maganizo anga: manyazi akutidyera ndalama za thiransipoti

Ndinene lero, wokwiya akwiye. Ambiri mwa ife ogwira ntchito m'maofesi muno mu Lilongwe sitipalasa njinga popita kuntchito chifukwa tikuopa kuonedwa. Za kutalika kwa mtunda n'zongonamizira. Mantha athu ndi akuti mnzathu amene tinali naye kukoleji atidutsa pa Area 18 ali m'galimoto yake yangongole, madzulo n'kukalemba pagulu la WhatsApp kuti "aujeni aja zinawavuta, ndawaona akupalasa."

Tiyeni tiwerengere limodzi mtengo wa manyazi amenewa. Munthu wa ku Chinsapo kapena ku Likuni amene amagwira ntchito ku City Centre kapena ku Kanengo sakwera minibasi imodzi ayi. Amatsikira m'tauni n'kukweranso ina, pobwerera chimodzimodzi. Tingoyerekeza kuti ulendo uliwonse ndi K1,000, ngakhale tonse tikudziwa kuti kondakitala akangoona mitambo yada kapena mzere watalika pafilingi, mtengo umasinthira pomwepo. Ndiye kuti K4,000 patsiku. Masiku 22 ogwira ntchito, K88,000. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu 2024 anali K90,000. Ikani mitengo ya kwanuko, muona nokha kuti alipo anthu amene akugwirira ntchito eni minibasi, osati ana awo.

Ndipo musayembekezere kuti zitsika. Mafuta timagula ndi madola, amadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo pasanathe masiku a MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, anakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Kuchokera nthawi imeneyo wakweranso. Mafuta akakwera usiku, m'mawa mwake oitanira amakhala atasintha kale nyimbo pasiteji. Malipiro anu okha ndi amene amadikira msonkhano wa mabwana. A magalimoto nawo musadzinamize kuti muli pabwino, tinakuonani mukugona pamizere yamafuta mutafunda majekete, mukudyera chipisi pa boneti.

Tsono imani m'mbali mwa msewu wa M1 cha m'ma 6 koloko m'mawa, muyang'ane amene akulowera ku Kanengo. Alonda, amakaniko, ogwira ntchito m'mafakitale a fodya, kontena ya nsima atamanga ndi mphira pa kaliyala, mwendo wa thalauza ataulowetsa m'sokosi kuti usakodwe ndi tcheni. Anthu amenewa masamu aja anawamaliza kalekale opanda kompyuta. Ife a mataye timawadutsa titapanikizana anayianayi pampando, bondo la mnzako lili m'nthiti, tikudzimva kuti ndife apamwamba. Apamwamba pati? Pa 20 mwezi ukakwana ndife tomwe timayamba kuzungulira kwa akatapila.

Vuto ndi lakuti m'mitu mwathu njinga yakapalasa tinaiika m'gulu la makala, kabaza ndi kumudzi. Mwana akamaliza sukulu, chizindikiro choti watukuka ndi kutsika panjinga. Chodabwitsa n'chakuti bwana yemweyo amene sangayerekeze kufika kuntchito panjinga, Loweruka m'mawa amavala kabudula wothina ndi chipewa, kupalasa mpaka ku Bunda, n'kuika zithunzi pa Facebook. Ikakhala yochepetsera mimba ndi yaulemu, ikakhala yopulumutsira ndalama ndi umphawi. Mark Rutte, amene anali nduna yaikulu ya dziko la Netherlands kuyambira 2010 mpaka 2024, ankapita kuntchito panjinga ku The Hague, ndipo palibe anamuyesa mlonda.

Sindikunena kuti njinga ndi yaulere. Matayala, machubu, tcheni, masipoko, zonsezi zimachokera kunja ndipo nazo zimatsatira dola. Kusiyana kwake n'kwakuti tayala sumagula m'mawa uliwonse. Chubu chikaphulika, pafupifupi pamsika uliwonse pali mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo. Amachipopa, kuchiviika m'beseni la madzi akuda bii, kuchizunguza pang'onopang'ono mpaka aone pomwe pakutuluka thovu, kupalapo, kupaka solushoni, kumata chigamba, basi ulendo wapitirira. Ndalama yake siifika ngakhale ya thiransipoti ya tsiku limodzi. Pogula, musatengeke ndi utoto wowala. Njinga zina zatsopano zotchipa zimaoneka bwino m'sitolo koma pedulo imathyoka mwezi usanathe. Yakaunjika yamagiya, mutapita ndi munthu wodziwa kuti akuonereni felemu ndi malimu, imatha kukutumikirani zaka. Za Buffalo zija n'zolimba zedi, kaliyala yake anaipanga kuti izinyamula mpaka makilogalamu 100, koma n'zolemera, ndiye ganizirani zitunda za njira yanu.

Pa nkhani ya zitunda, abale athu a ku Blantyre ndikukumvetsani. Wochokera ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri akandiuza kuti sangathe, sindilimbana naye. Koma Lilongwe malo ambiri ndi osakwera kwenikweni. Wa ku Area 25 wogwira ntchito ku Kanengo, wa ku Kawale kapena ku Mchesi wogwira ntchito m'tauni, ameneyo chowiringula chake n'chiyani? Nthawi imene minibasi yaima pasiteji kudikira kuti idzaze, injini ikungolira, wanjinga amakhala atafika kale.

Chimene chili choona, ndipo sindichipeputsa, ndi msewu. Madalaivala ambiri kuno amaona wanjinga ngati chinthu chongosokoneza. Amakuimbira huta ali kale pamsana pako kuti utsikire kufumbi, pomwe m'mphepete mwa tala munakumbika mwasanduka chiphompho. Minibasi imakudula kutsogolo chifukwa yaona pasenjala. Kumene kuli kampata ka m'mbali, mupeza wina waimikapo galimoto, wina wayala tomato, wina wathirapo mchenga womangira. Zimenezi zapha anthu, ndipo akhonsolo ndi apolisi apamsewu ali ndi ntchito yoti agwire. Ifenso apanjinga tili ndi mbali yathu. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, nthawi yomwe ambiri akuweruka, koma mupeza munthu akupalasa mumdima atavala zakuda, wopanda nyali, mabuleki ake ndi chidendene cha nsapato. Nyali kutsogolo ndi kumbuyo, chovala chonyezimira, chipewa, mabuleki ogwira, ndi kuyenda kumanzere motsata magalimoto, izi si zokambirana. Ndipo njira yanjinga siyenera kukhala yomwe imadutsa minibasi. Pitani Loweruka mukafufuze tinjira ta m'makomboni, mudabwa kuti n'tachidule bwanji.

Amayi ena anena kuti zimenezi n'za abambo. Pitani ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga mukaone amayi akupalasa atavala chitenje, mwana kumsana, thumba la chimanga pa kaliyala. Chimene chimavuta m'tauni ndi pakamwa pa anyamata a m'masiteji, ndipo ameneyo ndi mlandu wa ife abambo.

Kwatsala thukuta, ndipo apa ndikulankhula ndi olemba anthu ntchito. Mu October munthu sangapalase kuchokera ku Area 36 n'kukakhala pa desiki osasamba. Kabafa kamodzi, ngakhale kampopi ndi ndowa chabe, ndi malo okhomapo njinga pafupi ndi mlonda, zingakutayitseni ndalama zingati? Mumapeza malo oimikapo magalimoto a mabwana, ena mpaka kuwamangira denga, koma njinga ya mesenjala imatsamira kuseri kwa chimbudzi mpaka tsiku lomwe idzabedwe. Ku Britain, kuyambira 1999 kuli ndondomeko yoti kampani imagulira wantchito njinga n'kumamudula pang'onopang'ono pamalipiro msonkho usanachotsedwe. Ife sitikufunika kudikira lamulo la ku Nyumba ya Malamulo. Kampani iliyonse, ngakhale SACCO ya pantchito, ingathe kupereka ngongole ya njinga yobweza miyezi 6, ndipo wantchitoyo angamabweze ndi ndalama yomwe ija ankasiyira kondakitala.

Za mvula musandifunse n'komwe. Tsiku lomwe kwachita mdima kwerani minibasi, palibe amene analumbira kuti azipalasa chaka chonse. Kuno mvula imagwa kuyambira cha mu November mpaka mu April, ndipo si tsiku lililonse. Kuyambira May mpaka October msewu ndi wouma, ndipo pa masamu athu aja miyezi 6 imeneyo ndi K528,000.