Kumva n'kwina, kusunga mawu n'kwinanso

Loweruka ndinatuma mwana wa mlongo wanga ku kantemba: "Ukagule mchere, machesa ndi saladi." Anabwera ndi mchere wokha, chenji ali nayo m'manja, maso pansi. Ambuya ake ali pamphasa anangoti, "Ndi mwano uwu. Si munati makina aja amutsegula makutu?"

Mawu amenewa ndimawamva kwambiri kuno ku Chipata, ndipo monga malume wake andifika pakhosi.

Mnyamatayu anabadwa wosamva. Ali ndi zaka 4 anamuchita opaleshoni ya cochlear implant. Madokotala amalowetsa kawaya mkati mwenimweni mwa khutu, m'kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo kunja amavala kamakina kuseri kwa khutu, kogwira pamutu ndi maginito. Khutu la ine ndi inu lili ndi timaselo masauzande togwira mawu. Kawayaka kali ndi timaelekitirodi, tizitsulo topereka mawu ku mtsempha wa khutu, 12, 16 kapena 22, malinga ndi kampani. Ndiye mawu amamufika ngati wailesi imene siikoka bwino. Pamene ubongo ukulimbana kuti uzindikire kuti malume anena "machesa", "saladi" wadutsa kale. Onjezani zaka 4 zimene anzake ankatola mawu kukhitchini, kudimba, kutchalitchi, iye ali chete. Dengu lake losungiramo mawu kwa kanthawi likadali laling'ono, basi.

Si nzeru zanga izi. Ku Indiana University ku America, David Pisoni ndi William Kronenberger akhala akupeza kuti ana ambiri ovala makinawa amakumbukira manambala ochepa motsatizana poyerekeza ndi anzawo akumva. Mu 2011 anafalitsa zimene anaona pa ana 9 amene anachita masewera a pakompyuta a Cogmed kwa milungu 5. Kukumbukira kunakwera, koma patapita miyezi 6 kunali kutatsikanso ndithu. Chimene chinatsala ndi luso lobwereza ziganizo. Ana 9 ndi ochepa, n'chifukwa chake sindingauze mlongo wanga kuti agulitse ng'ombe chifukwa cha pulogalamu ya pakompyuta. Koma ndinatolapo kanthu: dengu limakula ukamaliluka, ukalisiya limaphwasuka.

Ndiye kwathu timaluka tsiku ndi tsiku. Timazimitsa wailesi kaye, amene akulankhula amuyang'ane kumaso. Timamutuma zinthu ziwiri, abwereze pakamwa asananyamuke, azibwerezanso m'njira. Ziwiri zikakhazikika, tionjeza chachitatu. Madzulo ndimamutchulira manambala atatu, andibwezere, kenako awatchule chobwerera m'mbuyo. Apa ndiye amatuluka thukuta, nthawi zina amakwiya n'kuchotsa kamakina kaja, ndipo timalekera pomwepo. Chimene amakonda ndi nthano. "Panangokhala" iye "Tili tonse", ndipo nyimbo ya m'nthano imabwera katatu kanayi, mawu omwewo, mpaka alowe. Makolo athu anatisiyira sukulu ya kukumbukira, ife tikuifuna pa intaneti.

Kusukulu ndiye kumandipweteka mtima. Mphunzitsi akulankhula nkhope ili kubolodi: tsegulani tsamba lakuti, lembani deti, yankhani funso lachiwiri ndi lachinayi, zonse mpweya umodzi, m'kalasi modzaza, malata akulira ndi mvula. Kenako pa ripoti alemba kuti mwana ndi waulesi. Aphunzitsi athu, malangizo amodzi amodzi, ndipo mulembe pabolodi. Sizifuna ndalama.

Pali ena anatiuza kuti tisiye chinenero chamanja, ati chimuchititsa ulesi kulankhula. Ine ndinakana. Akamasamba, akagona, batire likatha malaiti kulibe, mwanayu samva chilichonse, ndipo kamakina kakafuna katswiri ndi ulendo wa makilomita oposa 500 kupita ku Lusaka. Pitani kusukulu ya ana osamva ya ku Magwero mukawaone akukambirana nkhani zazitali ndi manja, osaphonya kanthu. Wathuyu akagwira "mchere" pakamwa ndi pachala nthawi imodzi, sautaya.

Dzulo ndinamutumanso zomwe zija. Ndinamuona akutsika kanjira, milomo ikugwedera, zala zitatu zili m'mwamba. Anabwera ndi mchere ndi machesa. Atafika pakhomo anayang'ana chala chachitatu, n'kutembenuka liwiro kubwerera ku kantemba.